ZA MUYESO WA MPWEYA, NDI ZIFUWA ZA AMUNA A KU THUCHILA

Munthu ali yense wofika ku Blantyre pa basi adziwa malo aja otchedwa Wenela, koma anyamata ambiri amene atsikira pamenepo ndi akatundu ao sadziwa kumene dzinalo linachokera. Dzina limeneli ndilo chotsala cha bungwe lolemba anthu nchito ya m'migodi ya golidi ya ku Joni, limene Azungu analitcha Witwatersrand Native Labour Association; ndipo pa khomo limenelo anapita amuna ambiri a dziko lino, pamodzi ndi amuna a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila. Popita anawayesa thupi, kuti aone ngati ali nayo mphamvu yakugwira nchito. Koma pobwera panalibe wosamala kuyesa chimene nchitoyo inawachotsera. Tsono mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya chinthu chimene chinatsala chosayesedwa, ndicho mpweya wa m'chifuwa mwao: umo anthu anaphunzirira kuuyesa, chifukwa chache a kwathu anakhala zaka zambiri osayesedwa, ndi umo tiyenera kuwerengera muyesowo lero lino.

UMO ANTHU ANAYAMBIRA KUYESA MPWEYA

Masiku a makedzana sing'anga ali yense, wa kuno kapena wa ku Ulaya, anazindikira nthenda ya chifuwa ndi maso ndi makutu okha. Anaona wodwala alikuonda, namva katsokomoledwe kache, nayang'ana makhololo ngati muli mwazi. M'chaka cha 1816 dotolo wa ku France, dzina lache René Laennec, anapanga chitoliro chomvera nacho m'chifuwa, chimene zidzukulu zache tiziona m'khosi mwa madotolo kufikira lero. Koma khutu, lingakhale lakuthwa, silikhoza kunena kuti mpweya watsala wochuluka chotani.

Amene anayamba kuyesa mpweya monga mkazi ayesa ufa ndi mbale ndiye John Hutchinson, dotolo wa ku London, amene anafalitsa nchito yache mu 1846. Iye anatenga chotengera chachitsulo chonga mgolo, nachizondotsa m'madzi, nalumikizapo mpope. Munthu anakoka mpweya wonse umene akhoza, nauzira mu mpopemo kufikira utatha, ndipo chotengeracho chinakwera monga mwa kuchuluka kwa mpweyawo. Makina amenewa anawatcha spirometer. Anayesa nao anthu 2,130, asilikali, amalinyero, osauka ndi odwala, napeza zinthu zitatu: kuti wamtali ali nao mpweya wambiri koposa wamfupi, kuti ukalamba uuchepetsa, ndi kuti chifuwa chachikulu chiuchepetsa msanga, ngakhale wodwalayo asanayambe kuoneka wodwala.

Zitapita izi nzeru zina zinatsatana. Mu 1882 Robert Koch wa ku Germany anaona kachirombo ka chifuwa chachikulu ndi galasi lokuza zinthu. Mu 1895 Wilhelm Röntgen anapeza kuunika kumene tijambula nako m'kati mwa chifuwa. Koma muyeso wa Hutchinson unanena za kuchuluka kokha, wosanena za liwiro. Pakuti alipo anthu ena amene mpweya wao ngwochuluka ndithu, koma utuluka pang'ono pang'ono, monga madzi a m'nkhali yodzala otulukira pa kaboo. Chifukwa chache mu 1947 madotolo awiri a ku Paris, Tiffeneau ndi Pinelli, anati: tiyese mpweya umene munthu autulutsa pa sekondi yoyamba, pouzira ndi mphamvu yache yonse. Pa miyeso iwiri imeneyi, wa kuchuluka ndi wa liwiro, pakhazikika kuyesa konse kwa mapapu kufikira tsopano.

GOLIDI NDI PFUMBI

Pamene nzeru zimenezi zinalikukula ku Ulaya, nthenda imene inazifuna koposa inalikukula kum'mwera kwa Afrika. Golidi anapezeka pa zitunda za Witwatersrand mu 1886, ndipo mudzi wa Johannesburg, umene ife tiuti Joni, unaphuka pomwepo. Golidiyo ali m'kati mwa thanthwe lolimba la mtundu wa nsangalabwi. Poliboola ndi makina ndi poliphulitsa ndi wonga, patuluka pfumbi losalala koposa ufa woyera, ndipo loopsa kwambiri ndilo losaoneka ndi maso. Pfumbi lotere lipitirira mphuno ndi m'mero, nilikafika m'timatumba ta mpweya tapansi pa mapapu. Thupi silikhoza kulisungunula ai. Lingolikuta ndi zipsera, ndipo zipserazo zichuluka chaka ndi chaka, kufikira mapapu, amene ayenera kukhala ofewa ngati thonje, auma ngati chikopa chosafufuta. Nthenda imeneyi madotolo aiti silicosis. Ife tiiti nthenda ya pfumbi. Ili nako kuipa kuwiri. Koyamba, ibisala zaka 10 kapena 20, nipitirira kukula munthu atasiya kale nchito. Kachiwiri, itsegulira khomo chifuwa chachikulu, kotero kuti wa mapapu a pfumbi achigwira msanga ngati katatu koposa mnzache.

Oyamba kuliridwa anali Azungu oboola miyala, ambiri a iwo ochokera ku Cornwall, amene anafa asanakalambe. Lord Milner anaika bungwe lofufuza za imfa zao mu 1902; malamulo a malipiro anapangidwa mu 1911 ndi 1912; ndipo mu 1916 anatsegula nyumba ya madotolo ku Johannesburg yoyang'anira nthendayi. Mu 1930 akatswiri a maiko ambiri anasonkhana mu mzinda womwewo kudzakambirana za silicosis, ndipo South Africa anatamandidwa monga mphunzitsi wa onse.

Koma taonani, miyeso inali iwiri. Mzungu wa m'mgodi anaonekera kwa madotolo a nyumba ija kawiri pa chaka, namjambula m'chifuwa. Munthu wakuda anamkweza pa sikelo. Akapezeka kuti waonda kwambiri, dotolo wa pa mgodi anamva chifuwa chache. Ndipo nthenda ikapezeka anampatsa kandalama kamodzi kokha, kochepa ndithu poyerekeza ndi malipiro a Mzungu, namkweza sitima ya kwao. Pambuyo pache anayamba kujambula ndi akuda omwe pa tizithunzi tating'ono, koma wochoka pa mgodi panalibe womtsata. Popeza nthenda ya pfumbi ichedwa kuoneka, ndipo pangano la nchito linali la chaka chimodzi kapena ziwiri, ambiri anachoka ooneka amoyo, nakadwalira kumudzi. Motero mabuku a migodi anasonyeza akuda odwala owerengeka, si chifukwa anali olimba, koma chifukwa anadwalira kumene kunalibe wowerenga.

NJIRA YA AMUNA A KWATHU

Kodi chinachotsa amuna athu m'chigwa chokoma cha Thuchila nchiani? Tiyi anabzalidwa ku Mulanje kuyambira 1891, ndipo malo ambiri abwino a m'tsinde mwa phiri anakhala minda ya Azungu. Alomwe, pothawa nkhanza za ku dziko la Apwitikizi, analowa ochuluka, nakhala ena pa minda imeneyo mwa thangata, ena m'midzi ya m'chigwa. Anthu anachuluka, minda inachepa, ndipo msonkho wa nyumba sunadikire munthu. Malipiro a pa tiyi anali ochepa. A ku Halale ndi ku Joni anali oposa.

Wenela anayamba kulemba anthu m'dziko lino mu 1903. Koma anthu a maiko otentha anafa ndi chibayo m'makomboni ozizira a ku Joni ochuluka kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kuno. Chiletso sichinatseke njira. Amuna anapitabe pa okha, ulendo umene anauti selufu, ndipo ena sanabwerenso, nakhala machona. Bungwe limene boma la Nyasaland linaika mu 1935 linayerekeza kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko. Masiku amenewo ochuluka anali a kumpoto ndi a pakati, pakuti a ku Mulanje anali nayo nchito ya tiyi pafupi. Koma chiletso chija chitachotsedwa mu 1937, ndipo makamaka ndege za Wenela zitayamba kunyamula anthu kunka ku Francistown, njira inafupika kwa onse. Pofika 1973 a Malawi a m'migodi ya South Africa anapitirira 100,000. Mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, niwapha a Malawi 74 alikubwera kwao, ndipo Dr Banda analetsa kulemba. Kunayambanso mu 1977 ndi anthu ochepa, pansi pa dzina latsopano la TEBA, nikutha mu 1988 pa mkangano wa kuyesa mwazi kachirombo ka HIV.

Amene anafa m'ndege anawerengedwa, ndipo dziko lonse linalira. Koma amene anabwera ndi njinga, wailesi ndi sutikesi, nayamba kupuma wefuwefu pa kachitunda zitapita zaka 15, sanawerengedwe ndi munthu. Abale anati kapena walodzedwa ndi ansanje, kapena ndi tsempho. Mkazi anatsutsidwa, mbale ananenezedwa ufiti, mbuzi zinathera kwa oombeza, ndipo mwini mlandu, ndiye pfumbi, sanatchulidwe konse. Pamene madotolo anapita kukafuna amuna otere m'midzi ya maiko ena, ku Thamaga m'Botswana ndi ku Libode m'dziko la Amaxhosa, nafalitsa zopeza zao mu 1997 ndi 1998, anapeza nthenda ya pfumbi pa munthu mmodzi mwa asanu, pena kufikira mmodzi mwa atatu. Amuna athu anatsika m'migodi yomweyo, napuma pfumbi lomwelo.

MLANDU UFIKA PA BWALO

Akulu anati mlandu suola. Munthu wina wa m'migodi, Thembekile Mankayi, amene analandira marandi opitirira pang'ono 16,000 pa mapapu ache oonongeka, anasumira kampani ya AngloGold Ashanti. Ndipo mu March 2011 bwalo lalikulu koposa la South Africa linabvomereza kuti wa m'mgodi akhoza kusumira bwana wache. Iye mwini anamwalira masiku owerengeka chiweruzo chisanatuluke. Mu 2016 bwalo la ku Johannesburg linalola kuti odwala onse aimbe mlandu umodzi pamodzi. Mu 2018 makampani 6 anapangana kulipira marandi 5 biliyoni. Ndipo bwalo litabvomereza mu 2019, linakhazikitsidwa thumba lotchedwa Tshiamiso Trust, lopatsidwa zaka 12. Panganolo linena za amene anagwira nchito ya pfumbi m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, a dziko liri lonse, pamodzi ndi amasiye ao.

Tsono apa ndipo pamene mbiri ya Hutchinson ikomana ndi mbiri ya Wenela. Monga mwa panganolo, wa silicosis amene mapapu ache aonongeka pang'ono anayenera marandi 70,000. Wopitirira pamenepo 150,000. Ndi wooneka kuti waonongeka kwambiri 250,000. Chosiyanitsa magulu amenewa ndicho chithunzi cha m'chifuwa pamodzi ndi muyeso wa mpweya. Chifukwa chache kapepala kotuluka m'makina sikali kanthu ka madotolo okha ai. Tiyenera kukadziwa ifenso.

KAWERENGEDWE KA PEPALA

Makina a lero ngang'ono, ogwira m'dzanja, koma nchito yao ndi yomwe ija. Woyesedwa akhala pa mpando, namtseka mphuno. Akoka mpweya kufikira chifuwa chadzala, namanga milomo pa kampope, nauzira mwadzidzidzi ndi mphamvu yonse, osaleka kufikira mpweya watha. Achita chotero katatu kapena koposa, ndipo kuuzira kuwiri kopambana kuyenera kulingana, kosasiyana koposa mamililita 150. Wouzira mwaulesi, kapena wotsokomola pakati, aononga muyeso. Ndipo wochepetsa dala kuti aoneke wodwala adziwika, pakuti kuuzira kwache sikulingana.

Pa pepala muyang'ane zinthu zitatu. Choyamba chalembedwa FVC, ndiwo mpweya wonse umene unatuluka, m'malita. Chachiwiri chalembedwa FEV1, ndiwo umene unatuluka pa sekondi yoyamba. Chachitatu ndicho gawo la wachiwiri mwa woyamba. Munthu wamkulu wa mapapu abwino atulutsa magawo 75 kapena 80 mwa 100 pa sekondi yoyambayo. Pambali pa zimenezi alemba muyeso woyembekezeka kwa munthu wa msinkhu wotere ndi zaka zotere, mwamuna kapena mkazi.

Tiyerekeze amuna awiri a msinkhu umodzi, amene muyeso wao woyembekezeka ndi malita 4. Woyamba atulutsa malita 4 onse, koma pa sekondi yoyamba malita 2 okha, ndiwo magawo 50 mwa 100. Nkhokwe yache njodzala, koma khomo lachepa: njira za mpweya zapanikizika. Gawo likatsika pansi pa 70 madotolo aganiza za nthenda zotseka njira. Pamenepo ampatsa mankhwala opopera m'kamwa otchedwa salbutamol, nadikira mphindi 15, namuyesanso. Mpweya ukakwera kwambiri, ndicho chizindikiro cha mphumu, imene itseka ndi kutsegula. Ukakhala pomwepo, aganiza za kutsekeka kosatha kumene kudza ndi fodya, utsi, pfumbi, kapena chifuwa chachikulu chakale.

Wachiwiri atulutsa malita 2.5 okha, ndi pa sekondi yoyamba malita 2.1, ndiwo magawo 84 mwa 100. Khomo lache nlotseguka, koma nkhokwe yachepa, pakuti wafika pa magawo 62 okha a muyeso wache. Ndipo lamulo lakale la madotolo liti wotsika pansi pa 80 ayang'anidwe bwino. Zotere zioneka pamene mapapu auma ndi zipsera, kapena pamene sanakule mokwana pa ubwana. Koma makinawa angolozera, ndipo kutsimikiza kwache kufuna miyeso ina ya m'zipatala zazikulu.

Pali zinthu ziwiri zimene pepala ili silinena, ndipo owerenga azisunge. Silikhoza kupeza chifuwa chachikulu. Chimenecho chipezeka m'makhololo. Ndiponso munthu akhoza kukhala nayo nthenda ya pfumbi yoyamba kumene, muyeso wache wa mpweya uli wabwino. Chifukwa chache wa m'migodi asakhutire ndi kuuzira kokha, wosajambulidwa.

MUYESO WOYEMBEKEZEKA NGWA YANI?

Wina adzafunsa: kodi muyeso woyembekezekawo anautenga kuti? Funso limeneli nlolemera. Anautenga poyesa anthu amoyo ambiri, makamaka a ku Ulaya ndi ku Amerika. Poona kuti anthu akuda a ku Amerika atulutsa mpweya wocheperapo, akatswiri anati ndi chibadwa chao. Ndipo zaka zambiri makina anatsitsa muyeso wa munthu wakuda ndi magawo 10 kufikira 15 mwa 100. Taganizani chotulukapo chache: amuna awiri ouzira mofanana, woyera anayesedwa wodwala woyenera malipiro, wakuda nayesedwa wamoyo. Koma ambiri anatsutsa, nati kuchepako kungachokere ku umphawi, njala ya pa ubwana, utsi ndi nchito zoipa, si ku khungu ai. Ndipo mu 2023 bungwe la madotolo a zifuwa la American Thoracic Society linalangiza kuti mtundu wa munthu uleke kulowa m'kawerengedwe kameneka.

Nkhani imeneyi itikhudza ife pafupi. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, poyesa akulu a mu mzinda wa Blantyre, nafalitsa mu 2016, ndi a m'midzi ya ku Chikwawa pambuyo pache, anapeza kuti oposa mmodzi mwa atatu ali nao mpweya wochepa poyerekeza ndi muyeso wa Azungu a ku Amerika. Otsekeka njira anali ocheperapo ndithu. Tikati ndi chibadwa chathu, nkhani yatha, ndipo palibe chochita. Koma tikati mapapu a mtundu wonse alikukula moperewera, pamenepo phala la mwana, katemera wache, ndi utsi wa m'khichini ya amache zikhala nkhani ya dziko.

AMENE SANAPITE KU JONI

Pakuti si amuna a m'migodi okha amene abanika. M'midzi ya Thuchila nkhuni zasowa, ndipo akazi aphikira mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, m'tinyumba topanda zenera, mwana ali kumbuyo. Anyamata aotcha njerwa, ena akhala tsiku lonse m'mbali mwa mseu kuswa miyala ndi nyundo, ndipo akulu asuta chingambwe. Mbaula zadothi za Chitetezo, zimene zinafala msanga m'boma lino la Mulanje, zipulumutsa nkhuni ndi kuchepetsa kupsa kwa ana, ndipo nzoyamikika. Koma tisanyengedwe kuti mbaula yokha ichiza zonse: poyesa mbaula zina zoyaka bwino koposa pakati pa ana oposa 10,000 ku Chikwawa ndi ku Karonga, ofufuza anafalitsa mu 2017 kuti chibayo cha ana sichinachepe. Utsi uli ndi makomo ambiri, wa zinyalala, wa nyali, wa moto wa anansi, ndipo onse afuna kutsekedwa.

Chifuwa chachikulu nacho chasintha nkhope m'zaka zimenezi. Amuna oyamba a Wenela analibe mankhwala konse, pakuti streptomycin anapezeka mu 1943 ndi isoniazid anayamba mu 1952. Dziko lino linayamba machiritso a miyezi yochepa mu 1984. Koma HIV itafika, odwala olembedwa anakwera kuchokera pafupi 5,000 mu 1985 kufikira oposa 20,000 pofika 2000. Lero ambiri achira. Koma ofufuza a ku Blantyre anaonetsa mu 2020 kuti mwa otsiriza mankhwala ao, mmodzi mwa atatu atsala ndi muyeso wa mpweya wosalongosoka. Kachirombo kafa, zipsera zatsala. Munthu wotere akabanika, asafulumire kunena kuti nthenda yabwerera, kapena kugula mankhwala pa msika. Apite akayesedwenso makhololo, ndipo dotolo aweruze.

ZOYENERA KUCHITA

Tsono, abale, titani ndi mbiri imeneyi? Madzi akatayika saoleka: zipsera za pfumbi zilibe mankhwala ozichotsa, ndipo wonena kuti ali nao ngwonyenga. Koma chotsala chikhoza kusungika.

Choyamba, wotsokomola masabata 2, woonda, wotuluka thukuta usiku, apereke makhololo ku chipatala cha pa Thuchila, kapena cha boma, kapena cha Mishoni ku Mulanje. Wa m'migodi ndi wa HIV asadikire ngakhale masabatawo. Mankhwala a chifuwa chachikulu ngaulere, ndipo amwedwa miyezi 6 yosadumpha. Wolekeza pakati alera kachirombo kosamva mankhwala, nakapatsira a m'nyumba mwache.

Chachiwiri, wa mphumu asaope mankhwala opopera. Pali mbiri m'midzi yakuti woyamba kupopera saleka, kapena kuti afooka mtima, si zoona. Salbutamol atsegula njira pa nthawi ya kubanika. Koma wobanika kawiri kawiri afuna mtundu wina, monga beclometasone, wopopera masiku onse ngakhale ali bwino, pakuti umenewo ndiwo uletsa kutupa kwa njira. Madotolo a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, loboola kumbuyo, lithandiza mwana kukoka mankhwalawo bwino. Achipatala akuonetseni kapangidwe kache.

Chachitatu, wosuta aleke, angakhale wakalamba, pakuti kuleka kuchepetsa liwiro la kutsika kwa mpweya. Woswa miyala ainyowetse ndi madzi, nakhale kumene mphepo ichokera. Kansalu ka pamphuno sikaletsa pfumbi losalala lija. Wophika aboole zenera, aumitse nkhuni, aphikire panja nyengo ikalola, ndi kutsitsa mwana kumbuyo. Mwana wopuma mofulumira, amene pansi pa nthiti zache palowa m'kati popuma, anyamulidwe tsiku lomwelo. Ndipo wobanika asagone pa mphasa tsiku lonse. Kuyenda pang'ono masiku onse kulimbitsa miyendo, ndipo miyendo yolimba sipempha mpweya wambiri.

Chachinai, nyumba iri yonse imene inatuma munthu ku Joni ifune mapepala ache, khadi la Wenela kapena la TEBA, nambala ya ku mgodi, dzina la mgodi ndi zaka zache, pamodzi ndi mabuku a ku chipatala ndi kalata ya imfa, niiwasunge pouma, kutali ndi chiswe. Mafumu ndi aphunzitsi athandize okalamba kulemba zimene akumbukira akali moyo. Safunsa anadya phula: mufunse ku ofesi ya boma yoona za nchito, ndipo muchenjere nao oyendayenda m'midzi ofuna ndalama kuti akulembeni, pakuti kupereka dandaulo ku thumba lija kulibe mtengo.

Makina oyesa mpweya sapezeka m'zipatala zambiri zazing'ono, ndipo ichi nchosowa chimene tiyenera kuchinena poyera m'misonkhano ya m'midzi ndi pamaso pa aphungu athu. Zinapita zaka 173 kuchokera pa makina a Hutchinson kufikira tsiku limene bwalo linabvomereza kuti mpweya wa amuna onga athu uyesedwe ndi kulipidwa. Ndipo amene anakwera ndege za Wenela mu 1973 ali anyamata, lero ali nkhalamba, nachepa chaka ndi chaka. Makolo athu anayesedwa pa sikelo kuti ena apindule. Ife tifune muyeso woona, tiuwerenge tokha, ndi kuphunzitsa ana athu kuti munthu wopuma mobvutika sali wolodzedwa kapena waulesi, koma wodwala woyenera kuyesedwa ndi kuthandizidwa.